Keyala Yolakwika Dala

1. Jenereta

Dzina lakuti Kalumo mtsikanayu sanabadwe nalo ayi. Analitola kusukulu chifukwa cha lilime lake. Akakuponyera mawu awiri, unkapita kwanu uli bwinobwino, kenako posamba m'pamene unkamva kuwawa n'kuzindikira kuti wachekedwa.

Amene ankachekedwa m'mawa ndi madzulo anali msuweni wake, mwana wa malume ake. Malumewo atamwalira, amayi a Kalumo anamutenga mnyamatayo n'kumuyalira pabalaza, kuseri kwa mpando wautali, pafupi ndi thebulo lositira. Mayiwo ntchito yawo inali yochapa ndi kusita zovala za anthu. Ndiye mnyamatayo ankagona m'fungo la sopo, n'kudzuka malaya a eni atamugwera kumaso.

Tsono mnyamatayo anali wachibwibwi. Kuti anene "madzi" ankayamba "ma-ma-ma", maso atatsinzina, khosi litauma gwa. Tsiku loyamba lomwe Kalumo anamuyang'ana nati, "Uyu si womufunsa, ndi womukoka chingwe. Jenereta!"

Dzinalo linamata ngati phula. Ana a mumsewu analilandira. Wometa tsitsi wa pakona analilandira. Mwini wake yemwe anafika pomavomera akaitanidwa.

Atamaliza sukulu, onse awiri anatengedwa moyesedwa pa kakampani kena, m'shedi ya malata kuseri kwa omata matayala. Kumeneko ankapanga makina oyendera mabotolo. Mabotolo amayenda pa lamba atandandana, kamera imajambula lililonse, kompyuta imayang'ana chithunzicho, ndipo ikaona mng'alu, mkono wachitsulo umalikankhira botololo m'bokosi la zinyalala. Pokamba n'zosavuta. Pochita, anthu ankavula malaya.

Mwini kampaniyo ankawatcha a Changu, chifukwa ngakhale moni ankapereka akuthamanga.

"Lachisanu kukubwera mayi wa ku fakitale ya zakumwa kudzaona makinawa," anatero a Changu. "Akachoka, mmodzi wa inu atsala pantchito, winayo akapume kwawo. Ndikufuna munthu mmodzi. Awiri ndi msonkhano, ndipo ine msonkhano sindiulemba ntchito."

Jenereta anapatsidwa kulemba pulogalamu yozindikira ming'alu. Anajambula mabotolo osawerengeka, abwino ndi ong'aluka, mpaka anapeza miyeso yake, manambala ouza kompyuta kuti uwu ndi mng'alu, uku ndi kunyezimira chabe. Pa kiyibodi mnyamatayo analibe chibwibwi. Zala zinkangoti waliwali.

Kalumo anapatsidwa njira yodzera zithunzi, kuchokera m'kamera kukalowa m'kompyuta.

2. Chenjezo la a Magalasi

Womuphunzitsa anali kapitawo wa pamenepo, bambo wachikulire yemwe ankamutcha a Magalasi. Magalasi ankavala awiri, ena pamphuno ena pamutu, ndipo tsiku lililonse ankafunafuna achitatu.

"Khala apa, mwanawe. Foniyo igone chafufumimba," anatero. "M'kompyuta muno muli memore. Uiyese chinyumba cha lendi chokhala ndi tizipinda tambirimbiri, kalikonse ndi nambala yake pachitseko. Nambalayo ndiyo keyala. Woyang'anira chinyumba chonsecho ndi pulogalamu yaikulu yotchedwa kenelo."

"Kenelo wa asilikali?" anafunsa Kalumo.

"Wa asilikali amamvako chisoni. Tamvera. Kamera iyi ili ndi diso koma ilibe nzeru. Ikajambula, imangokhuthula chithunzi pa keyala yomwe yapatsidwa. Sigogoda, siodira. Kale kenelo ankagawa yekha makeyala, ife tinkangopempha n'kudikira. Makenelo a masiku ano anatsegula kawindo. Pulogalamu yako imapita pakawindopo n'kunena kuti, kamera ikatchula keyala yakuti, muziilozera chipinda chakuti. Kenelo amalumikiza. Ukati masulani, amamasula. Zinthu zimathamanga, n'chifukwa chake a Changu amazikonda."

Kalumo anayasamula dala. A Magalasi anadikira mpaka atatseka pakamwa.

"Tsopano apa m'pamene ndikufuna makutu ako onse awiri. Kenelo amafunsa funso limodzi lokha: kodi chipindachi ndi cha banja lanu? Ukaloza chipinda cha pulogalamu ya eni, amakana, kamera imagunda khoma, palibe chowonongeka. Koma pulogalamu yako ndi ya msuweni wako tinaziika m'nyumba imodzi, kuti zithunzi zisamachedwe panjira. Kwa kenelo inu ndinu banja limodzi. Ukaloza chipinda chomwe mnzako wasungamo miyeso yake, kenelo safunsa kuti m'menemo mwagona ndani. Amatsegula. Saliza belu, sayatsa getsi lofiira. Kamera imalowa n'kukhuthulira chithunzi pamwamba pa ntchito ya mnzako, ndipo mnzakoyo amangoona makina ake apenga osadziwa chawalowa. Ndinaonapo munthu wamkulu, wa ndevu zake, akulira pamaso pa makina chifukwa cha keyala imodzi. Choncho usanalumikize, uziwerenga nambala kawiri. Ukamaliza kuwerenga, uziwerenganso. Kawindo aka sanakatsegulire anthu ochenjera ayi, anakatsegulira anthu okhulupirika. Wamva?"

"Ndamva, a kenelo," anatero Kalumo, akuchita sawatcha.

Anamvadi. Vuto la mtsikana ameneyu silinali kusamva. Ankamva zonse, n'kuzisunga pabwino.

3. Mapaipi

Lachinayi masana Kalumo anapita kukatunga madzi pa mpopi wa kuseri kwa ofesi. Windo linali lotsegula, ndipo a Changu mawu awo analibe batani lochepetsera.

"Mnyamata uja ndiye mutu," ankatero. "Pakamwa pake ndi pa ngozi, koma ndani amagula makina chifukwa cha pakamwa? Samalani a Magalasi, ameneyu adzakulandani mpando."

"Nanga mtsikana? Naye amagwira msanga."

"Aaa, ntchito yake ija ndi ya mapaipi. Kulumikiza uku ndi uku. Aliyense angaichite."

Madzi anadzaza botolo, nasefukira, namunyowetsa nsapato. Kalumo anangoima.

Madzulo kunyumba anapeza amayi ake akusita. Jenereta anali atapita kukapereka zovala kwa makasitomala.

"Wabwera bwino, pinda mashiti awo," anatero mayiwo. "Ndipo undimvere, mwana iwe. Mawa zikhale momwe zikhalire, sindikufuna kumva pakamwa pako pakulira ngati lumo la wometa. Mwana uja ndi wa mlongo wanga. Bambo ake anandinyamula pamsana ine ndili wamamina. Pamene ankatsirizika anandigwira dzanja ili, lomwe lagwira simbiyi, nati mwanayu akhale wako. Ndiye m'nyumba muno mulibe mlendo. Akatengedwa iye, tatengedwa tonse. Iwe ukapanda kutengedwa, si maliro ayi. Udzandithandiza kusita. Pakamwa pakopo padzagwira ntchito pokangana ndi makasitomala onena kuti tawotcha kolala."

Mayiwo anaseka okha. Ankayesa akumutonthoza.

Kalumo anayang'ana mulu wa zovala za eni. Pamwamba penipeni panali kabudula wamkati wa munthu wina wonenepa, wotambasuka ngati tenti. Anamunyamula ndi zala ziwiri, namupinda, osayankha kanthu. Ndipo ana inu, Kalumo akakhala chete, m'pamene muyenera kutseka mawindo.

4. Nthawi ya nkhomaliro

Lachisanu m'mawa anayesa makina ndipo anayenda bwino. Mkono wachitsulo unkasankha mabotolo ong'aluka mwaulemu, ngati mlendo wosankha nyama m'mbale.

Nthawi ya nkhomaliro onse anatuluka. Owotcherera zitsulo a pakampanipo anapita pansi pa mtengo. A Magalasi anapita kukafunafuna magalasi. Kalumo anatsala, nati mutu ukumupweteka.

Kamera inali ndi zipinda zambiri zokhuthuliramo zithunzi. Inkayamba choyamba, kupita chachiwiri, mpaka chotsiriza, kenako n'kubwereranso. Kalumo zoyambazo sanazikhudze. Ankafuna makina ayambe bwino, mlendo amwetulire kaye.

Anapita pakawindo kaja. Anamasula keyala ya chipinda chotsiriza. Kenako anafufuza chipinda chomwe munali miyeso ya msuweni wake. Anawerenga nambala kawiri, monga anaphunzitsidwira. Anawerenganso.

"Ka-Ka-Kalumo."

Kalumo anatembenuka. Jenereta anali ataima pakhomo ndi kapepala ka mafuta m'manja. Analowa, nanyema banzi pakati, namuikira chidutswa chachikulu pambali pa kiyibodi. Pa sikirini sanayang'anepo n'komwe.

"U-u-usaope," anatero. "A-akaona kuti zayenda, a-atitenga to-tonse. Ndi-ndiwapempha."

"Uwapempha? Ukamamaliza kupemphako ine ndili ndi zidzukulu. Zima, Jenereta, ukutha mafuta."

Mnyamatayo anamwetulira monga ankachitira nthawi zonse, natuluka.

Kalumo anadina batani. Kenelo anayang'ana, naona kuti chipindacho ndi cha banja lomwelo, nalumikiza. Sanakhosomole n'komwe.

Banzi lija Kalumo analidya. Linali lokoma.

5. Mabotolo

Mlendo anafika dzuwa litapendeka. Anali mayi wamtali wa nsapato zosongoka zoyera, chikwama chili m'khwapa. A Changu ankamuzungulira ngati nkhuku yofuna kuikira.

Lamba anayamba kuyenda. Mabotolo anadutsa pansi pa kamera. Long'aluka loyamba, mkono unalikankha. Lachiwiri, chimodzimodzi. Mayi uja anagwedeza mutu. A Changu anatupa. Jenereta anayang'ana Kalumo n'kumutsinzinira diso.

Kenako kamera inafika pa chipinda chotsiriza.

Mkono uja unaima kaye ngati ukuganiza. Botolo long'aluka kuyambira kukamwa mpaka kutako linadutsa, mkono unalisiya. Linabwera labwinobwino, lonyezimira, mkono unalimenya phwaa! Linabwera lina, phwaa! Unayamba kumenya chilichonse, ngakhale mpweya. Mabotolo ankaphonya bokosi n'kumaswekera pa simenti. Limodzi linali ndi madzi akuda otsukira, ndipo linasankha bwino pofera: pa nsapato zoyera zija.

A Magalasi anathamanga nazimitsa lamba.

"Iwe mtsikana!" anakuwa a Changu. "Zithunzi zikufika?"

"Zikufika bwino, bwana. Onani." Kalumo anawaonetsa zipinda zoyamba zija. Zithunzi zinalimo, zoyera mbee.

"Ndiye ndi iwe, mnyamata! Fotokoza! Fotokozera mayiwa!"

Jenereta anali atathamangira kale pa kompyuta. Zala zinkathamanga, maso ali tong'o pa sikirini. A Changu anamukoka kolala n'kumuimika pakati pa anthu.

"Bwa-bwa-bwa..."

"Bwa chiyani?"

"Mi-mi-mi-mi..."

Khosi linauma. Mitsempha inatuluka. Mawu anakana. Anthu onse ankadikira, ndipo ukadikiridwa chotero chibwibwi chimakhala pansi n'kuvula nsapato.

Apa Kalumo akanangokhala chete, ntchito inali yake kale. Koma lumo likatuluka m'pepala silibwereramo lokha. Anawerama kumbuyo kwa msuweni wake, nagwira chingwe chosaoneka pamsana pake, nakoka. Kamodzi. Kawiri. "Brrr... brrr... Mafuta atha, bwana."

Owotcherera zitsulo anagwa nacho chiseko. Woyendetsa galimoto ya mlendo anagwira khoma. Mayi uja yemwe, nsapato zili zakuda, anabisa pakamwa ndi chikwama, mapewa akugwedezeka. Amene sanaseke anali a Magalasi okha. Anatsitsa magalasi a pamutu, nawaika pamwamba pa a pamphuno, namuyang'ana Kalumo ndi onse awiri.

"Ndidzabweranso sabata yamawa," anatero mlendoyo potuluka. "Koma jenereta yanuyo mukaikonzetse."

Galimoto itachoka, a Magalasi anati, "Bwana, tiyeni tifufuze kaye. Pulogalamu ya mwanayu m'mawa inayenda bwino."

"Inu mukafufuze magalasi anu! Iwe, tola zonsezi."

Jenereta anapita kukatenga tsache. A Changu analiponda ndi phazi.

"Ndi manja. Manja akowo ndiwo aswa."

Mnyamatayo anagwada. Anatola zidutswa zazikulu, kenako zazing'ono. Chimodzi chinamulowa pachikhatho, magazi nadontha pa simenti. Sanalire. Anangosintha dzanja.

Anthu onse ali maso pa iye, Kalumo anakhala pa kompyuta. Anamasula keyala ija, naibwezera pamalo pake, nayatsanso makina. Miyeso inalowanso yatsopano kuchokera komwe inkasungidwa. Lamba anayenda. Mkono unayambanso kusankha mwaulemu.

"Ndangokonzako pang'ono zomwe analakwitsa, bwana," anatero.

"Mwaona?" A Changu anawomba m'manja. "Manja a mtsikana! Iwe watsala. Mawa ubwere, Loweruka timatsegula mpaka masana. Iwe winawe, ukamaliza kutola, usiye ovolosi pa msomali."

6. Bulawuzi yoyera

Pobwerera sanayendere limodzi. Kalumo anazungulira njira ya kumsika, nafika kunyumba dzuwa likulowa.

Anapeza amayi ake akutsuka bala la Jenereta ndi madzi amchere. Anang'amba shiti yakale n'kumumanga.

"Ndamva kuti watengedwa," anatero mayiwo kwa Kalumo, osatukula mutu. "Zikomo. Mpunga uli pa mbaula." Kenako anatembenukira kwa mnyamatayo. "Koma iwe, ine ndinauza kale anthu onse mumsewu muno kuti mwana wa mlongo wanga ndi katswiri. Mawa ndiyenda bwanji? Bambo ako sankaswa ngakhale kapu."

Jenereta anaweramitsa mutu. Kalumo anapakula mpunga, nakhala pa mpando wautali, nayamba kudya mofulumira.

"A-azakhali," anatero mnyamatayo. "Si-sindinalakwitse."

"Nanga mabotolo anadziponya okha?"

Kunyumba, popanda omuseka, mawu ankatulukako, ngakhale ankatuluka motsimphina. Anafotokoza pang'onopang'ono. Asanamukoke kolala, anati, anatsegula chipinda cha miyeso yake. Manambala ake munalibe. Munali zinthu zina, ndipo ataziyang'anitsitsa anazizindikira, chifukwa anali atazionapo kambirimbiri.

"Li-linali ta-tako la botolo. Chi-chithunzi. Kamera i-inalemba m'chipinda changa."

Supuni ya Kalumo inaima panjira.

"Ka-kamera siisankha yokha. Wi-wina anaipatsa keyala. Ndipo ma-makeyala amagwira a-anthu awiri okha. Kalumo ndi a Ma-Magalasi."

Mpunga unasanduka mchenga m'kamwa. Kalumo anayang'ana chitseko. Chinali patali.

Jenereta anatembenuka namuyang'ana m'maso.

"I-iwe ndiwe m'bale wanga," anatero. "Ndiye ndi a Magalasi. O-owotcherera anandiuza. Bwana a-anati ndidzawalanda mpando."

Amayi a Kalumo anaimirira, beseni la madzi amchere n'kugubuduka.

"Nkhalamba imeneyo! Munthu wa imvi zake kupondereza mwana wamasiye chifukwa cha mpando? Ayi, izi sizigona. Mawa m'mawa tonse atatu tikupita kwa bwana wanuyo. Achotsedwe iyeyo, mwanayu abwerere. Ndipo iwe," analoza Kalumo ndi chala chonyowa, "ndiwe amene umadziwa za makeyalazo. Msuweni wako akakayamba kufotokoza, dzuwa lidzalowa tili pa mawu oyamba. Ukamulankhulire ndiwe. Ukanene pamaso pa anthu onse kuti iwe sunakhudze, anakhudza ndi nkhalambayo. Zaka zonsezi pakamwa pakopo pakhala pakucheka anthu osalakwa. Mawa pakachekeko wolakwa."

"Amayi, mwina kompyuta inango..."

"Inangotani? Iwe unakhudza?"

Kalumo anayang'ana madzi aja akuyenderera pansi pa thebulo.

"Ayi," anatero Kalumo.

"Basi."

Jenereta anadzuka, nabwera pomwe anakhala, namugwira paphewa ndi dzanja lomangidwa lija. Magazi anali atayamba kale kuonekera pa nsalu.

"U-ukandithandiza, eti?"

Kalumo anaika mbale ya mpunga pansi.

Amayi ake sanadikire yankho. Anasuntha zovala za makasitomala, nayatsa simbi, nalowa kuchipinda. Anatulukako ndi bulawuzi yoyera ya Kalumo, naiyala pathebulo, nayamba kuisita bwinobwino kuyambira kukolala.

"Ukavale iyi," anatero. "Mboni izioneka yaukhondo."